Masitepe a Bedi la Neri

Malabon,
9 Juni

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi mawondo aja akukulolani kufika kutchalitchi? Achemwali a Amparo anandiuza pafoni kuti chifuwa chinakugwirani mwezi watha koma munakana kupita kuchipatala, ati mankhwala anu ndi madzi a jinja basi. Ndimakudziwani ndipo sindilimbana nanu, koma chikabweranso musadikire kuti chikugwetseni.

Ife kuno tili bwino, ine ndi mdzukulu wanu Neri. Ndasankha kulemba papepala chifukwa pafoni mumakuwa ngati ndili kutsidya kwa mtsinje, ndiye nkhani yaitali siyenda. Achemwali akuwerengereni pang'onopang'ono, ndipo asadumphe pamene ndadzitama, chifukwa lero ndidzitama ndithu.

Kuno kwatentha zedi ndipo mvula yayamba msanga. Msewu wa kutsogolo kwathu anaukwezanso, moti tsopano magalimoto amayenda pouma, madzi onse n'kumathawira m'nyumba zathu. Kuntchito tapanikizika ndi mipando ya hotela ina yatsopano. Ine ndikadali pomwe paja, pa sandipepa, kusalaza zimene anzanga apanga. Mkazi wanga Divina ali bwino ku Hong Kong. Mabwana ake amuwonjezera zaka zina ziwiri, ndiye tinasangalala pakamwa, mumtima ayi.

Pali nkhani imene ndinakubisirani kuyambira pa Pasaka. Mukukumbukira kuti chaka chatha Neri anagona m'chipatala masiku asanu ndi anayi ndi matenda aja a mkodzo wa makoswe, atayenda m'madzi osefukira ali ndi bala kuphazi. Apongozi anga, a Pacita, sanandikhululukire. Pa Pasaka anabwera kuchokera kwawo ku Betis, anayang'ana mzere wa matope pakhoma, anayang'ananso matiresi imene mwana ankagona pansi, kenako anandiuza kuti sukulu zisanatsegulidwe adzabwera kudzamutenga akakhale naye kwawo. Anati mwamuna yekha sangalere mwana wamkazi m'nyumba imene nsomba zimalowa osagogoda.

Divina analira pafoni. Anati iye ali kutali, sangakangane ndi mayi ake pa zinthu zimene sakuziona ndi maso, ndiye chimene mayi ake adzagamule akadzabweranso, chomwecho chichitike. Ine ndinangoti chabwino. Amayi, zaka zinayi tsopano mkazi wanga ali kunja. Ndikaweruka kuntchito, wondifunsa ngati ndadya ndi Neri yekhayo. Akachoka iyeyu, ndidzatsala ndi makoma.

Nyumba yabwino sindingaipeze, ndipo madzi sindingawaletse. Chimene ndinaona kuti ndingathe ndi kumukweza mwanayo pamwamba, pamene madzi safika. Ndinaganiza zomupangira bedi lalitali la makwerero.

Tsono mdzukulu wanuyu mutu wake wonse ndi basiketibolo. Zaka zisanu ndi zitatu zokha, wamfupi ngati bambo ake, koma akaweruka kusukulu amathamangira kubwalo la m'dera lathu atavala mapatapata, n'kumakalimbirana mpira ndi anyamata. Akaponya salakwitsa kawirikawiri. Nditamufunsa kuti akufuna bedi lotani, sanaganize kawiri. Anati likhale bwalo la mpira, likhale ndi ringi yeniyeni, osati yojambula, ndipo pakhale nambala yake ya eyiti.

Ndinajambula papepala n'kukaonetsa a Dencio, kapitawo wathu. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati zaka zonsezi ankayesa kuti manja anga amangodziwa kusisita matabwa ngati wosisita mphaka. Ndinawauza kuti ndine mwana wa kalipentala, ndinakulira m'mapalo a matabwa. Anati mwana wa dalaivala si dalaivala. Komabe mawa lake anandibweretsera matchizulo awo atatu atakulunga m'chinsalu, n'kundichenjeza kuti ndikabenthula imodzi ndidzaigula ndi khungu langa. Ndi munthu wapakamwa koma mtima wake ndi wabwino.

Matabwa ndinatola zotsala za mahogane zimene bwana anandilola kutenga. Mizati inayi ndinaipeza pamene ankagumula nyumba yakale pafupi ndi msika wa nsomba. Ndi mitengo yolimba yakalekale, msomali umapindika ukaukhomera. Ndinagwira ntchitoyi masabata asanu ndi limodzi, nthawi ya chakudya chamasana ndi Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi. Anzanga ankadya mpunga atakhala pansi, ine ndinkadya chiimire.

Ndinapanga mmene malemu bambo ankapangira. Ndinaboola zibowo m'mizati, n'kusema mitanda kuti ilowe yothina, kenako n'kutsekera ndi zikhomo za mtengo. Pa thupi lonse la bedi palibe msomali ngakhale umodzi. Bowo loyamba ndinalilakwitsa ndipo ndinatukwana, Mulungu andikhululukire. Lachiwiri linalowa bwino. Pofika lachisanu manja anali atakumbuka okha, ndipo ndinayamba kumva mawu a bambo m'khutu akuti usakankhe tchizulo, ilole idye yokha.

Ndikufotokozereni mmene lilili, chifukwa chithunzi chimene ndaikamo sichikuonetsa zonse. Thabwa la kumiyendo ndi lalikulu, loyera, lokhala ndi kabokosi kofiira pakati ngati la pabwalo. Ringi anandipindira mnzanga wowotcherera zitsulo, ukonde wake ndinaluka ndekha ndi ulusi wa asodzi. Pansi pa ringiyo ndinaikapo dengu la zovala zakuda, moti kwa nthawi yoyamba m'moyo wake mwanayu sataya malaya pansi. Mitu ya mizati ndinaisema yobulungira ngati mipira, ndi mizere yake yomwe, n'kuipaka penti ya olenji. Matabwa otchinga kuti asagwe ali ndi mizere ya bwalo, ndipo kumutu kuli eyiti wamkulu amene anapenta yekha. Ndi wopendekeka pang'ono koma ndinamusiya choncho.

Poyamba makwerero anali ndi masitepe asanu. Koma kumapeto kwa Meyi kunagwa chimvula pa tsiku limene nyanja inali itadzaza, ndipo madzi analowa m'nyumba kupitirira mzere wa chaka chatha ndi chikhatho chathunthu. Ndinaima m'madzimo ndi tepi m'manja, mantha atandigwira. Mwayi wake mizati ndinali ndisanaidule, ndiye ndinakweza bedi lonse, n'kupanganso makwerero aatali, ndi kuwonjezera sitepe imodzi kuti mwendo wa mwana uzifika. Mutu wanga wonse unali pa madzi.

Loweruka lapitalo tinanyamula zidutswa pa jipi n'kudzalumikizira m'nyumba. A Dencio anabwera okha osaitanidwa. Analigwedeza ndi manja awiri, analikwera, anadumphapo ndi chimimba chawo chija, ndipo silinalire n'komwe. Sananene kuti ndachita bwino, anangoti matchizulo ndisawabweze msanga. Neri anakwera n'kutsika mwina kokwana makumi awiri, anaitana ana a mumsewu wonse kudzaona, ndipo tsiku limenelo anagona pamwamba.

Lamulungu m'mawa apongozi anafika, chikwama chopanda kanthu chili m'manja, choti alongezemo zovala za mwana. Divina anali pafoni, chifukwa Lamulungu ndi tsiku lake lopuma. Ndinaimika foniyo pa shelefu kuti aziona zonse.

Musaiwale, Amayi, kuti a Pacita ndi mkazi wamasiye wa mmisiri wa ku Betis, kumene ngakhale ana oyamwa amadziwa thabwa labwino. Zaka makumi anayi akhala akusesa utuchi. Atalowa sanapereke moni wautali. Anavala magalasi n'kuyamba kulizungulira bedilo ngati munthu wogula ng'ombe. Anapapasa m'mphepete kufuna kaminga, sanakapeze. Anawerama kuyang'ana molumikizira, anakanda chikhomo ndi chikhadabo, kenako anandifunsa kuti ndagula kwa ndani. Nditati ndapanga ndekha, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti anandiphunzitsa ndani kulumikiza popanda misomali. Ndinatchula dzina la bambo. Anangogwedeza mutu, ndipo ine mtima unayamba kukhala m'malo.

Kenako anafika pa makwerero. Anaika chala pa sitepe yapansi n'kuyamba kuwerenga mmene aliyense amawerengera, mmene bambo ankawerengera pa nyumba iliyonse imene anamanga: golide, siliva, imfa. Chala chinakwera: golide, siliva. Chinaima pa sitepe yomaliza, ndipo mawuwo sanawatchule.

Amayi, mukudziwa kuti masitepe sayenera kuthera pa imfa, amaitana tsoka m'nyumba. Masitepe asanu aja ndinawawerenga bwinobwino papepala, ankathera pa siliva, ndipo ndinakhutira. Nditawonjezera imodzi sindinawerengenso. Ine mwana wa kalipentala, amene ndinaona bambo akugumula masitepe a simenti kwa aphunzitsi ena kwathuko chifukwa cha zomwezi, ndinamangira mwana wanga makwerero othera pa imfa. Paja amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Apongozi anafunsa ngati mwana wakwerapo kale. Ndisanatsegule pakamwa, Neri anayankha monyadira kuti wakwera kambirimbiri ndipo wagonapo. A Pacita anachita chizindikiro cha mtanda, anakhala pansi, n'kunena motsitsa mawu:

"Mwana ameneyu chaka chatha tinamulanda m'manja mwa imfa. Lero mwaimangira makwerero kuti imupeze mosavuta?"

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati tikawerengera ndi bedi lenilenilo ndiye kuti akwana asanu ndi awiri. Anati imfa sainamiza ndi masamu. Ndinati ndichekapo sitepe imodzi. Anati ndiye mpata ukula, mwana adzaphonya ali ndi tulo n'kuthyoka khosi, ndipo kuwerenga kudzakhala kwakwaniritsidwa. Ankanena zoona. Pafoni Divina anali ataphimba pakamwa ndi dzanja. Apongozi anauza Neri kuti alongeze, basi yawo inyamuka 3 koloko.

Mwana sanalire. Anangotenga chikwama n'kuyamba kupinda zovala mmene ndinamuphunzitsira, ndipo chimenecho ndi chimene chinandipweteka kwambiri. Mpira anayesa kuulowetsa m'chikwama koma sunakwane.

Ndinapempha apongozi kuti andipatse nthawi mpaka basi yawoyo. Anati nthawi ndi yanga, iwo sakuigwiritsa ntchito. Vuto linali matabwa. Zotsala zonse zinali zitatha, mosungira matabwa kuntchito mumakhala motseka Lamulungu, ndipo masitepe ndinali nditawalowetsa m'zibowo moti sakanasunthika. Njira inali imodzi yokha, kuwonjezera sitepe ina pansi. Ndinayang'ana m'nyumba monse, maso anagwera pa tebulo lathu lodyera. Ndinachotsapo mbale ndi botolo la viniga, n'kulitembenuza.

Nditangoyamba kujambula mizere, apongozi anandiuza kuti ndisayerekeze kungoika bokosi pansi n'kumati ndi sitepe. Chinthu choti mwana angachikankhe ndi phazi si sitepe, chiyenera kugwirana ndi makwerero. Ndinati ndamva. Nditayamba kucheka, thabwa linkavina chifukwa ndinalibe chopanira. Ndinangoona dzanja lokhala ndi mphete lagwira kumapeto kwake. Anali iwowo. Anagwira thabwalo ndi bondo ndi manja ngati munthu wozolowera, kwinaku akundinyoza kuti sowo yanga ndi yobuntha ngati mano a nkhalamba, ndiponso kuti ife anthu a ku Samar timacheka ngati tikuthamangitsidwa. Ndinawayankha kuti lero ndikuthamangitsidwadi. Anafuna kuseka koma anadzigwira.

Tinagwira ntchito awiriwiri kuyambira cha m'ma 10 koloko. Chakudya chamasana tinadyera pamiyendo. Iwo ndi amene anati sitepeyo ikhale yotakata, yotseguka kutsogolo, kuti nsapato za mwana zizilowa mkati. Iwonso ndi amene anandiletsa kuipaka penti ya olenji yotsala, ati ikhala yoterera, ndingoikwecha ndi sandipepa wokhakhala popeza ndiyo ntchito imene ndimaidziwa. Chikhomo chomaliza ndinachikhoma itangodutsa 2 koloko.

Anavalanso magalasi. Anayamba pansi, mokweza kuti ndi Divina yemwe amve: golide, siliva, imfa, golide, siliva, imfa. Chala chinafika pamwamba ndipo anati golide.

Ndinkayesa kuti zathera pomwepo, koma anavula nsapato. Mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri, atavala diresi la kutchalitchi, anakwera makwerero onse. Ine ndinaima kumbuyo manja ali m'mwamba, Divina akukuwa pafoni kuti mayi tsikani. Anafika, anagona chagada, anadzigwedeza uku ndi uku, anakankha matabwa otchinga ndi phazi. Anaitana Neri kuti akwerenso, n'kugona onse awiri. Bedi linangoti zii.

Anakhala kumeneko nthawi yaitali akuyang'ana malata. Kenako anafunsa Neri kuti ringiyo amaponyamo bwanji ali chigonere. Mwana anavula sokosi, anaikulunga, anaponya, inalowa. Agogo ake anayesa ndi sokosi inayo, inakagwera pa chitofu. Nthawi imeneyo n'kuti wotchi ikuyandikira 3 koloko ndipo palibe amene anaitchula.

Atatsika anavala nsapato, anakonza tsitsi, n'kunena kuti:

"Neri, masula chikwamacho, ukwinyitsa yunifolomu. Bambo a Neri, bedi ili ndi la mmisiri. Amuna anga akanaliona sakanapezapo chochotsa."

Zaka khumi ndili mkamwini wawo, mawu otere sindinawamvepo. Ndinatuluka panja ngati ndikukataya utuchi, chifukwa sindinafune kuti mwana aone nkhope yanga.

Koma musaganize kuti a Pacita amagonja ulele. Nditabwerera anali atakonza kale zina. Anati bedi liteteza mwana akagona, koma masana madzi akabwera ine ndili kuntchito, adzamuletsa ndani kukasambira mumsewu? Ndiye miyezi yonse ya mvula adzakhala kuno, kuyambira sabata ya mawa. Ndiwapangire bedi lawo pansi pa la Neri, lalifupi, lopanda sitepe ngakhale imodzi, popeza aona kuti kuwerenga kumandivuta. Nditafunsa kuti nanga madzi akalowa adzatani, anati adzakwera kwa mdzukulu wawo, aliyesa kale ndipo limanyamula awiri. Anawonjezera kuti ndipangenso tebulo, iwo sanazolowere kudyera pamiyendo ngati ali pa ulendo.

Choncho ndinkaopa kutsala ndekha, pano tikhala atatu m'kachipinda kamodzi, ndipo makutu anga ayembekezere zambiri. Sindikudandaula. Lolemba nditawafotokozera a Dencio anaseka mpaka kupukuta misozi, chifukwa nawonso anakwera makwerero aja osawerenga. Andichotsa pa sandipepa masiku awiri pa sabata kuti ndizilumikiza miyendo ya mipando. Ati n'kungoyesa chabe, ndisatupe mutu. Watupa kale.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Matiresi ya siponji imatentha kwambiri pafupi ndi malata, ndipo mikeka yogula kuno ndi yapulasitiki. Ngati maso ndi zala zikukulolani, mundilukire mikeka iwiri ya kwathu ku Basey, yofewa ija. Muyeso ndalemba kuseri kwa chithunzi. Wa Neri mulukepo dzina lake ndi nambala eyiti, ndipo ngati utoto wa olenji ungapezeke, muikemo m'mphepete. Wa apongozi musalukepo dzina, angadziwe kuti tawazolowera. Musathamange nayo. Achimwene a Crispin akamabwera kuno ku Manila mwezi wa mawa angathe kundinyamulira. Ndikufuna mwanayu azigona pa ntchito ya manja a bambo ake ndi ya agogo ake.

Mundiperekere moni kwa achemwali a Amparo amene akuwerenga kalatayi, ndi alamu anga, ndi ana onse. Moni kwa achimwene a Crispin ndi akazi awo, kwa azakhali a Felicidad, ndi kwa amalume ngati abwera kuchokera kunyanja. Divina akuti ndikupatseni moni wambiri. Neri akuti muuze asuweni ake kuti iye amagona pabwalo la mpira, ndipo asatsutse chifukwa chithunzi chilipo.

Pamene ndikulemba pano ndakhala pa sitepe yatsopano ija, pepala lili pabondo poti tebulo kulibe. Sukulu zitsegulidwa posachedwa, ndipo dzina la Neri lili m'kaundula wa sukulu ya kuno. Mwana wanga sanapite, Amayi. Ndamusunga ndi manja angawa.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mwana wanu,
Teodoro